Khutu Lakumanja

Zomvera za m'makutu ndinagula pamsika wa Nchalo,
mbali imodzi inafa sabata yomweyo.
Choncho usiku ndimagawika pawiri:
khutu lamanzere ndi la bwana,
limalonda pampu, mapaipi ndi nzimbe.
Lakumanja ndi langa.

Mphwanga Zuze ndiye anadzaza kakhadi ka m'foni,
nati, achimwene, awa ndi mabuku,
owerenga alipo kale, inu kwanu n'kumva.
Chingerezi changa chinathera Fomu 2,
mawu ena amapulumuka ngati nsomba pa khoka lobooka,
koma otsalawo amakwana ndiwo.

Mwezi watha ndinayenda ndi mtsikana wosula malupanga.
Anakwera mapiri asanu ndi awiri
kukalanda dzina la bambo ake kwa chinjoka chamapiko.
Usiku umene anafika kuphanga
anyamata anayatsa munda wa nzimbe kutsidya kwa ngalande,
moto unatalika kuposa mlambe,
phulusa lakuda likugwera pamalaya anga,
ndipo ndinangozindikira ndaimirira, chibonga m'manja,
ndikukuwira mwana wa eni ake: bwerera iwe, bwerera!

Pano ndili ndi wapolisi wofufuza, wosagona ngati ine,
mumzinda momwe madzi amauma gwaa ndi kuzizira.
Iye akukweza kolala ya jasi,
ine thukuta likutsetsereka pamsana,
Okutobala wa kuchigwa sadziwa kuti kwada.
Kumanzere udzudzu,
kumanja sitima ikulira pansi pa nthaka.
Mvuu ikadzuma kumtsinje ndimaimitsa nkhani
kuti ndimve kumene yalunjika.
Wakuphayo amandidikira, alibe changu.

Chipale chofewa sindinachionepo
koma mapazi ndimawadziwa.
Madzi osefukira ataphwa chaka chija
matope anasunga phazi la aliyense amene anathawa.
La mayi anga ndinalipeza kuseri kwa tchalitchi,
chala chachikulu chopindikira kunja,
ndinalitsata mpaka kumsasa.

Ine ndikukayikira dokotala,
munthu sasamba m'manja kawirikawiri chotero popanda chifukwa.
Esinala, ndikumusimbira masana akupeta mchewere,
anati ayi, ndi mlamu wake wa malemuyo,
nkhani ya chuma chamasiye ndi imodzi kulikonse.
Tinabetcherana:
wolephera akatunga madzi kumjigo sabata yathunthu.

Lero, cha m'ma fili koloko,
wapolisi anasonkhanitsa onse m'chipinda chimodzi,
natseka chitseko, natsokomola pang'ono,
nati, amene anachita zimenezi ndi
foni zii.
Batire.

Makutu onse awiri anabwerera kwa bwana.
Pampu ikuti du du du, achule, galu wakutali,
nyenyezi zosadziwa kanthu za mlanduwu.

Kutayera ndinazungulira munda monga mwa ntchito.
Pangodya ya kumpoto nzimbe zitatu zathyoledwa,
makoko ali mbwee m'mphepete mwa ngalande.
Anadutsa nthawi yanji?
Kapena muja ndinali m'chipinda ndi dokotala.
Ndinagwada monga amachitira mnzanga wa jasi uja,
phazi ndinaliyeza ndi chikhatho: losakwana,
lopanda nsapato,
lina laling'ono zedi likutsatira pambuyo,
pena likusowa, ndiye kuti anamubereka.
Onse alunjika kumudzi kumene mapira anapserera chaka chino.
Mlandu wosavuta uwu.
Ngakhale khomo lake ndikulidziwa,
chitseko cha bango, mbuzi anagulitsa mu Juni.

Njinga yamoto ya kapitawo Alufandika ikumveka kumlatho.
Ndakwekweza jombo padothi, kawiri, katatu,
makoko ndakankhira m'madzi apite ku Shire.
M'buku la lipoti ndilemba chimene ndimalemba:
usiku wabata.

Ndikaweruka ndidzera pa kabenchi ka Tchale,
foni idye moto wa thu handiredi,
ine nditakhala pamthunzi wa nimu, maso akulemera,
kudikira kuti ndimve
ngati ndowa ija ndi yanga kapena ya Esinala.