Mkombero

Malume Kachingwe anafika muno
mzinda usanasinthe dzina,
m'thumba muli kampeni kothyoka chigwiriro
ndi kalata yomwe sanathe kuiwerenga.
Zaka makumi atatu anasesa m'fakitale ya fodya ku Willowvale,
koma Loweruka masana, kuseri kwa nyumba ku Mufakose,
ankakhala pa njerwa ziwiri
n'kumang'alula nsungwi ngati akutsegula nkhani yakale.

Nsungwizo ankachita kupempha
kwa mnyamata wa m'dimba ku Avondale,
n'kuzikoka pa njinga mzinda wonse ukuyang'ana.
Bwana wa kumeneko atazidula kuti amange mpanda,
malume sanadandaule.
Anapita ku msika wa Mbare,
natola malamba a pulasitiki omangira makatoni,
obiriwira, oyera, ena onunkha anyezi.
Anati lichero silifunsa kwawo kwa nsungwi,
limafunsa dzanja.

Ine ndinkaseka.
Ndinali mtsikana wa Chichewa chotsimphina,
mawu atatu alionse limodzi la Chishona,
ndipo ndinkachita manyazi anzanga akamati
kwanu kuja kuli mkulu wa madengu.
Ankandiitana kuti ndigwire nsonga basi.
Ndinkagwira, maso ali kumsewu.
Pamwamba ziwiri, pansi ziwiri, iwo amvekere,
usakoke ngati ukukangana nayo.

Lero ndimaluka tsitsi pa msewu wa Rezende,
m'kachipinda ka anthu asanu ndi galasi limodzi.
Tsiku lina mayi wina, mutu uli pa maondo anga,
anafunsa: anakuphunzitsa ndani kumanga chonchi,
kolimba koma kosapweteka?
Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule dzina la saluni,
zala zanga n'kuyankha zokha,
pamwamba ziwiri, pansi ziwiri.
Ndinamaliza mutuwo osalankhulanso.

Tsopano malume ali ndi ng'ala m'maso onse.
Lamlungu ndimakwera kombi,
malamba ali m'chikwama pamodzi ndi buledi,
ndikakhala pa njerwa zomwe zija,
imodzi inasweka pakati.
Lichero langa loyamba linatuluka ngati chipewa cha woledzera.
Lachiwiri linkataya mpunga m'mbali.
Lachisanu ndinawapatsa m'manja, mtima uli m'mwamba.

Analizunguliza ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono,
nalinunkhiza,
naligogoda pa bondo kuti amve kulira kwake.
Pakati pali bwino, anatero,
koma mkombero wako ndi waulesi.
Masula.

Ndinamasula, misozi ili chapafupi,
waya ukundibaya pansi pa chikhadabo.
Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa,
kwa aneba jenereta ikutsokomola,
ndipo mwana wanga Ruvarashe,
amene Chichewa amangodziwa zikomo ndi bwera kuno,
anasiya foni yothera moto pa khonde,
nadzakhala pansi, fumbi lonse pa diresi la kutchalitchi.

Sindinamuitane.
Anangotola nsonga yomwe inkandithawa,
naigwira, maso ali kumsewu.

Malume anamva kupuma kwachitatu pafupi nawo,
nafunsa, ndani uyo?
Ndinati ndi wogwira nsonga.
Anaseka mpaka chifuwa cha fodya chija chinawadzukira,
kenaka anafufuza m'thumba la jekete,
natulutsa kampeni kaja,
nakaika pa njerwa, pakati pa ine ndi mwanayo,
osanena kuti n'ka yani.