Chala cha Kuseri kwa Khoma

Anatilemba ganyu Lolemba, ine ndi Fulatira,
pa nyumba yakale ya kumunsi kwa Kopje,
ija makombi amaitsokomolera utsi kuyambira m'bandakucha.
Mwini wake watsopano akufuna nkhope ya malata onyezimira,
pakhale dzina la sitolo ya mafoni
loti uliwerenge ukadali pa mlatho wa njanji.
Ndiye matailosi onse atsike.

Ndinakwera katawala, tchizulo m'thumba.
Ukakhala pansi umangoona khoma lofiirira, lotopa.
Ukafika pamwamba m'pamene umadziwa
kuti wina anaumba maluwa ndi dongo
nawaotcha mpaka ayambe kulira ngati belu ukawagogoda.
Masamba a mtengo umene sumera kuno,
mphesa zokana kupsa zaka zonsezi,
kamutu ka mkango kothyoka mphuno
kamene nkhunda zinakasandutsa chimbudzi.
Pansi pa mazenera, mzere wobiriwira
ngati dambo mvula itangokata.
Nditapukuta mwaye ndi mkono wa ovolosi
mtundu unadzidzimuka
ngati unangogona dzulo madzulo.

Fulatira sachedwa ndi zoterezi.
Iye amawerenga mawilibala, kapitawo amawerenga maola.
Go! Go! Phwa!
Maluwa amafika pansi ali mapale.
Mayi wogulitsa nthochi anasuntha dengu lake,
natitukwana m'Chishona chokoma.

Tsiku lachitatu imodzi inazuka yathunthu,
yopanda mng'alu, ngati dzino la mwana.
Nditaitembenuza, kuseri kwake kunali chala.
Chala chachikulu, chinalowa dongo likadali lofewa,
moto n'kuchisunga ndi timizere take tonse.
Ndinaikapo changa.
Changa chinachepa.

Sindikunena kuti ndi cha wachibale.
Mwina tailosiyi inawoloka nyanja m'bokosi la udzu,
n'kukwera sitima pa Beira,
ndipo mwini chala anafa osadziwa
kuti kuli mzinda wotchedwa Halale.
Koma amene anaisenza pamutu
n'kukwera nayo makwerero a mitengo yaiwisi,
ameneyo ndikumudziwa.
Anachoka ku Ntcheu ndi bulangete limodzi,
nati ndikagula njinga ndibwerako.
Njinga anagula. Anakwatira pa Mbare.
Kwawo anamutcha mtchona, kuno anamutcha mlendo.
Anamata maluwa pamwamba pa khonde
limene iye sankaloledwa kuyendapo,
madzulo n'kutsika, chitupa m'thumba,
kusamba layimu wom'dya m'zikhadabo.
Atate anga ankati atate awo anali otero.
Nyumba yake sanandilozere,
mwina iwonso sankaidziwa.

Ndinaima nayo m'manja nthawi yaitali ndithu,
mpaka kapitawo anakuwa kuti kodi ndikupemphera.
Ndinaibisa m'chikwama cha buledi.
Zotsalazo ndinagwetsa ndine, ndisaname.
Mkango uja ndinaumenya katatu.
Lendi sadziwa maluwa.

Loweruka anapachika malata.
Nyumba inavala nkhope yosalala ngati mbale,
dzuwa likamenyapo, odutsa amatsinzina.
Akuti yakongola. Mwina yakongoladi.
Koma ine ndikadutsa ndimaona zipsera zili m'katimo,
mabwalo a simenti yakale, mizeremizere,
ngati msana wa munthu wovala malaya atsopano.

Kwathu ku Mufakose ndinaiika pawindo.
Sabata isanathe Esinala anaipezera ntchito:
amatsamiritsapo simbi yamoto akamasita yunifolomu.
Akuti siipsa, siinunkha, iposa njerwa.
Ndinafuna kukalipa, ndinangoseka.
Inabadwira m'moto, idzaopa chiyani?

Usiku wina magetsi atathima
ndinapeza mwana wanga Tiyamike pa kandulo,
waitembenuza, akuyesa zala zake chimodzichimodzi
m'kadzenje kaja.
Anandifunsa kuti munthuyu ali kuti.
Ndinati anaweruka kale.
Anafunsanso ngati anamulipira.