Kulemera kwa Ulendo

Anaimika Landikuluza yawo pakhomo pa galaja langa
pa Luchenza, Lachiwiri, chiperoni chikulowa m'mafupa,
nati, “A Muhasuwa, ndiikireni masipuling'i ouma gwa,
aja okana kugonja ngakhale mutawasenzetsa nyumba.”

Mayi Nampinga, namwino wopuma ntchito,
m'manja muli kope la malemu amuna awo
lothimbirira ndi girizi, njira yolembedwa ndi bolopeni yofiira:
Thekerani, Makhanga, kubwerera, kenako Muloza,
kuwoloka malire, Milanje, mpaka mapiri a ku Guruwe.

Ndinati, Mayi, chitsulo sichiwerenga mapu.
Chimamva kulemera basi.
Mukachiumitsa galimoto ili yopepuka
mudzathetheka ngati mbuliwuli m'chiwaya,
msana udzakuwerengerani mabampu onse a ku Masambanjati.
Mukachifewetsa katundu ali tho,
kumbuyo kudzakhala pansi,
nyali n'kumaunika nsonga za bulugama m'malo mwa msewu.
Tiyeni tiwerenge kaye.

Zigubu zinayi za madzi. Ziwiri za dizilo.
Tenti ya padenga, ija imakokera galimoto kuphompho pa kona iliyonse.
Matayala awiri apadera, jeke, fosholo, chingwe,
kafiriji, mbaula ya gasi,
ndi bokosi la mankhwala limene anati silitsala.
Ndinkalemba ndi choko pachitseko.

Nanga anthu?

“Awiri,” anayankha msanga.
Mvula inayamba kumveka pamalata.
Fanuwelo, mnyamata wanga, anasiya kukhoma.
“Ayi. Mmodzi.”

Ndinafufuta ndi chala chachikulu.
Makilo makumi asanu ndi atatu anachoka pachitseko,
kutsala banga lotuwa.

Tinapita nayo pasikelo ya ku fakitale ya tiyi.
Mlonda anatsegula geti osafunsa,
pakuti mwana wake woyamba anagwera m'manja mwa Mayiwa.
Mawilo akutsogolo kaye, kenako akumbuyo,
manambala anayankhula popanda manyazi.

Pobwerera anandifunsa za mashokabuzoba.
Ndinati, sipuling'i imasenza, koma siiwala.
Ikagunda dzenje imanjenjemerabe
dzenjelo litatsala kale kumbuyo,
imapita, imabwera, imapitanso.
Shokabuzoba ndi imene imaigwira paphewa
n'kuiuza kuti, basi, zapita zimenezo.
Koma nayonso imatopa.
Pamsewu wokwinyika ngati malata mafuta ake amawira,
zotchipa zija zimayamba kukha misozi musanaone n'komwe Sapitwa.
Gulani zathupi lalikulu, zagasi, zozizira msanga.

Sanayankhe. Ankayang'ana minda ya tiyi
ndi anthu owerama, madengu kumsana.

Tinagwirizana chonchi:
kumbuyo masamba achitsulo asanu ndi awiri,
pansi pake ena awiri ogona,
odzuka pokhapokha katundu akachuluka.
Kutsogolo ofewerapo, kuti chiwongolero chisamenye manja.
Kukweza zala zitatu basi,
kupyola apo n'kuputa mphepo ndi makona a ku Thekerani.

Loweruka, pomasula akale aja,
ndinaona chimene ndinkachikayikira chifikire galimotoyo:
inali yopendekera kumanja.
Tsamba lalikulu la mbali ya dalaivala linali litawongoka,
zaka makumi awiri munthu mmodzimodzi akukhala pamenepo.
Ndinati ndiliponye pamulu wa zitsulo za pasikelo
koma Mayi Nampinga anagwira mkono wa ovolosi yanga.

Analipukuta ndi mpango wawo,
dzimbiri likuwadetsa zikhadabo,
nalilowetsa pansi pa mpando wakumanzere,
nalikulunga ndi thaulo kuti lisalire m'njira.

Anasunthira mpando wa dalaivala kutsogolo kawiri,
anakonza kalilole,
anadutsa pabampu wa pamsika osachepetsa liwiro kwenikweni.
Galimoto inadzuka, inakhala, inatonthola.
Kamodzi kokha.

Fanuwelo anabwera ndi nsanza yonyowa kudzapukuta chitseko.
Ndinati dikira.
Ndinatola choko,
pansi pa banga lotuwa lija
ndinawonjezera makilo anayi.