Epuloni ya Atate

Atate atamwalira, mvula inagwa sabata yonse ku Braga.
Ndikufunafuna malaya oti tiwaveke
ndinapeza m'bokosi la nsapato, kunsi kwa kabati,
epuloni ya chikopa choyera,
kampasi ndi sikweya zosokedwapo ndi ulusi wabuluu.
Pamwamba pake panagona kolona wawo,
mikanda yoperepeseka ndi zala.

Lachinayi lililonse ankati akukasewera makhadi
kwa Firmino wokonza mawotchi.
Amayi ankawasitira shati osafunsa.
Lamulungu ankagwada pa benchi yachitatu,
koma anthu akamadzuka kukalandira Ukaristia
iwo ankawerama kumanga chingwe cha nsapato
chomwe sichinamasuke.
Zaka makumi atatu ine ndinkada nsapatozo.

Bambo Albano sanakweze mawu:
"Mpingo sunasinthe, Odete.
Munthu salumbira pa maguwa awiri."
Nanga analapa, Bambo?
Usiku uja ine ndinatuluka kukawiritsa madzi,
inu munatsala nawo.
Anangoyang'ana pawindo.
Nawonso ali ndi chinsinsi chawo
chosaululira ngakhale mwana wamasiye.

Kumanda kunabwera amuna asanu ndi awiri
ovala magolovesi oyera,
naima patali, kumikungudza.
Mmodzi ndinamuzindikira:
ndiye anandilipirira fizi chaka chomwe fakitale inatsekedwa.
Anaponya kanthambi kobiriwira m'dzenje,
osachita chizindikiro cha mtanda.

Kolona ndinawagwiritsa m'manja, anapita naye.
Epuloni ili pano, pa mpando wa m'khitchini.
Sindinaiwotche.
Kuibwezera m'bokosi, manja akukana.