Mlonda wa M'khosi

Zaka khumi ndi zinayi Che Ajibu akupalasa kabaza
kuchoka pa depoti, kuwoloka mlatho wa Shire,
kumbuyo amayi a madengu, matumba a makala,
tsiku lina mbuzi yomangidwa miyendo
pamodzi ndi mwini wake.
Sindinawamvepo akudandaula za chitunda.

Chaka chino chitunda chawatsatira kunyumba.
Chili pakati pa mkeka ndi chitseko.
Chili pa masitepe atatu a mzikiti
pomwe amaima ngati aiwala kanthu,
dzanja pa khoma, kudikira kuti mpweya uwapeze.
Mapazi atupa, patapata wakana.
Ndikadina chala pa mwendo wawo
kadzenje kamatsala, kundiyang'ana.

Ku chipatala cha boma, dokotala wobadwa dzana
anawapana chala ndi kachipangizo kowala mofiira,
nambala ikukwera, ikutsika.
Kenako anadzigwira yekha m'munsi mwa nsagwada
nati: apa, pamphambano ya mtsempha,
pali kanyama kochepa ngati njere ya mpunga,
kena uku, kena uku.
Ntchito yake ndi kulawa magazi odutsa.
Kakamva kuti okosijeni wachepa
kamakuwira ubongo: pumani msanga!
Mtima, thamanga! Mitsempha, dzifinyeni!

Ndinafunsa: ndiye kalakwa chiyani?
Sikanalakwe, mayi, kangochita mantha.
Mtima ukafooka magazi amakafikira mwa apo ndi apo,
basi kamayamba kukuwa usana ndi usiku
ngakhale mpweya ulipo,
ndipo mtima wotopa kale uja
umakwapulidwa kuti uzithamangabe.

Ine sindinachedwe kumva.
Mlongo wanga Twaibu ankalondera sitolo pa M'baluku.
Akuba atamumanga usiku umodzi wa Juni
sanakhalenso munthu yemwe uja.
Mphaka akadutsa pa malata, wenzulo.
Mango akagwa, wenzulo.
Mzere wonse wa masitolo unaiwala tulo
mpaka anamuchotsa ntchito
chifukwa cholondera mopitirira muyeso.

Nanga wa m'khosiyu tingamuchotse bwanji,
poti ndiye amadzutsa mwamuna wanga
mpweya ukaima pakati pa usiku?

Pajatu umaima.
Ndimakhala maso, kumvetsera:
kupuma kumakwera, kumakwera, ngati akupalasa ku Chowe,
kenako kumatsetsereka,
kenako zii.
Ndimawerenga chamumtima, kufika khumi ndi zisanu,
nthawi zina makumi awiri,
udzudzu wokha ukulira kunja kwa neti,
mpaka kanjere kaja kaimba wenzulo
chifuwa n'kudzambatuka.
Sindidziwa kaya ndikathokoze
kaya ndikakalipire.

Ndawasanjikizira mapilo atatu, amagona chokhala.
Mchere ndabisa m'chitini cha mkaka,
akuti masiku ano usipa wanga ulibe mawu.
Mapiritsi a mkodzo amawatulutsa panja kasanu
dzuwa lisanafike pamutu.
Njinga tinabwereketsa mwana wa Abiti Ndala,
amabwera ndi ya tsiku yoperewera,
belu anathyola kale sabata yoyamba,
ndipo Che Ajibu akamva tcheni chikulira
amayang'ana kumbali.

Lachisanu lapitali anakana kuperekezedwa.
Anavala mkanjo, chipewa, nsapato za mphwawo
zija zazikulu.
Ndinawasuzumira pa mpata wa mpanda.
Atafika pa mjigo anaima,
ana akupopa madzi, wina akuwapatsa moni,
iwo zala ziwiri m'munsi mwa nsagwada
monga anachitira dokotala uja,
milomo ikugwedera.

Atabwerako, atakhala pansi, mpweya utawapeza,
ndinafunsa: munkapemphera panjira?
Ayi, ndinkayankhula ndi mlondayu.
Ndinkamuuza kuti ndamva, achimwene, ndamva,
ikani wenzulo m'thumba pang'ono,
kulibe wakuba kuno,
ndine ndemwe ndikuyenda.