Njanji ya pa Laputopu

Laputopu ndi ya mlamu wanga Gelevazio,
batire lake linafa kalekale,
ndiye magetsi akangoyaka kuno ku Kamwendo
ndimasiya mtedza pamkeka ndisanathe kuswa.

Tsiku loyamba ndinayala njanji yowongoka ngati bango,
kuchoka pangodya iyi ya sikirini kukafika inayo.
Sitima inanyamuka bwinobwino,
inafika pothera zitsulo,
n'kuima pachidikha chopanda ngakhale mtengo umodzi.

Mawa lake ndinaphunzira kukhota.
Ndinakhotetsa udyo, ngati kanjira ka kudimba,
mabogi asanu ndi awiri anagona chammbali.
Palibe anafa.
Ndinadina kobwerera m'mbuyo,
onse anadzuka, osadandaula.

Mlatho wa pa Bua wandidyera sabata yathunthu.
Madzi ndathira, koma akuyenda chokwera phiri.
Mwana wanga Tsilizani akuti ndiikepo mbuzi,
ati njanji yopanda mbuzi si yakwathu,
ndiikenso amayi a chimanga chootcha pasiteshoni
ndi wakabaza wodikira pamphambano.
Mbuzi ndazipeza.
Kabaza anthu opanga zimenezi samudziwa,
ndangoika njinga wamba, mpando wakumbuyo uli m'mutu mwangamu.

Njanji yeniyeni ili apo, kuseri kwa chigayo,
udzu ukusuzumira pakati pa miyala,
sitima imabwera ikafuna.
Yangayi imanyamuka sikisi koloko ndendende.
Dzulo inangotsala pang'ono kulowa pa Mchinji boma,
Tsilizani atayamba kale kuliza wezulo ndi pakamwa,
magetsi thi!
Ndinali ndisanasunge.
Mlatho wonse uja wabwereranso mumtsinje.