Wosula Wosatuluka Thukuta

Kuseri kwa msika wa Ndirande,
m'kachipinda ka Twaibu momwe fani imalira ngati nyenje,
ndili ndi lupanga limene dzanja langa silinakhudzepo.
Ndalisula masabata atatu.
Ola limodzi pa gemu ndi ndalama ya minibasi,
ndiye kuchoka ku Ginnery Corner ndimabwera wapansi,
fumbi mpaka m'mawondo.

Wosula wa m'gemumo ndi chimunthu chandevu.
Iye amangoti: bweretsa.
Bweretsa miyala isanu ya m'phanga lakuya,
mano awiri a chilombo cha m'chithaphwi,
khala limodzi la moto wosazima.
Chilombocho ndinachipha, ndinachiphanso,
ka makumi atatu ndi kanayi, ndinkawerenga,
chisanalavule dzino lachiwiri.
Cholimba m'manja ngati bwana pa tsiku la malipiro.

Lupanga linakwera.
Pa wani linali chikwanje chobuntha.
Pa folo linayamba kuthetheka.
Pa sikisi, ee! mafupa oyenda aja
ankangogwa ngati mapesi a chaka chatha,
anyamata nasiya mpira wawo wa pa sikirini
kudzaima kumbuyo kwanga.
Mtsikana ameneyu, ankatero, ndi woopsa.

Lachinayi ndinafuna seveni.
Wandevu anachenjeza: mwayi ndi theka.
Twaibu anati gula kaye mwala wotchinjiriza,
ndi ndalama zenizeni, za mutu wa munthu.
M'thumba munali ya sopo wa amayi.
Ndinadina.

Nyundo kamodzi. Kawiri.
Kachitatu kunamveka ngati mbale yadothi pa simenti.

Palibe anaseka, n'chimene chinandiwawa.

Kunyumba ndinapeza bambo, a Makwinja,
akukhoma mbaula ya chitseko cha galimoto yakufa,
nsidze zoyera ndi phulusa,
chala chachikulu chomanga ndi kansanza.
Ndinawauza, ndikudikira mawu a sukulu ndi fizi.
Iwo anakhoma kawiri, nafunsa:
Zidutswa zake zili kuti?
Ndinati n'za m'gemu, ababa.
Anati ndamva. Zili kuti?
Mbaula iyi inali Toyota.
Ndowa iyo inali denga la tchalitchi cha ku Chinseu.
Chitsulo sichifa, mwanawe, chimangosintha ntchito.

Loweruka ndinatsegula thumba la msilikali wanga.
Pansi penipeni, pansi pa mankhwala ndi zikopa,
tizidutswa tisanu ndi tiwiri, totuwa,
ndinali nditatsala pang'ono kutigulitsa.
Ndinatisungunula.
Munatuluka kampeni, kafupi, kosawala,
koma kali ndi kabowo kamodzi pachigwiriro.
Ndinaikamo mwala wa chisanu
umene ndinkausunga osadziwa chifukwa.
Tsopano chilombo chikandilumphira chimauma kaye,
kamphindi chabe,
kokwanira kuti ndizembe.

Dzulo bambo anabwera okha kwa Twaibu,
atavala ovolosi, akununkha malasha.
Anyamata anawapatsa kireti ya mabotolo kuti akhalire.
Anayang'ana wandevu uja nthawi yaitali,
moto wake wopanda utsi,
malaya ake opanda bowo ngakhale limodzi.
Kenaka anati: Nyundo akuigwira pakhosi.
Phewa limenelo lidzamuvuta akadzakula.
Ndipo chitsulo sachimvera, amangomenya.
Anafunsa ngati ali ndi mwana womupemerera mvukuto.
Ndinati ayi, ali yekha.
Anapukusa mutu.

Ndinati ndiyesenso kukweza kampeni?
Anati mwayi ndi wotani?
Ndinati theka.
Anati kakudula?
Ndinati kakudula.
Anati ndiye ukufunanso chiyani.

Chala changa chinali kale pa batani.
Sindikudziwa chimene ndikanachita,
chifukwa pomwepo magetsi anazima,
fani inasiya kulira,
Ndirande yense anati aaa!
ndipo mumdimamo, kutsidya kwa mtsinje wa Nasolo,
wina amene sadikira magetsi
anali akukhomabe.